Kodi munthu amafikadi pachimake? Maslow ndi Frankl

Abraham Maslow, katswiri wa zamaganizo wa ku America, analemba mu 1943 kuti zosowa za munthu zimabwera motsatana: chakudya ndi tulo, kenako chitetezo, chikondi, ulemu, ndipo pamapeto pake kudzikwaniritsa, komwe ndi kufuna kukhala chilichonse chimene munthuyo angathe kukhala. Wanjala saganiza za luso lake, n'zoona. Koma Maslow yemweyo anati ofika pachimakepo sakwana mmodzi pa anthu 100, ndipo zitsanzo zake, monga Abraham Lincoln, yemwe anali pulezidenti wa America, ndi Eleanor Roosevelt, yemwe anali mkazi wa pulezidenti wina wa dzikolo, anachita kusankha yekha. Apa ine ndimakayika.

Viktor Frankl, dokotala wa ku Vienna, anaona zosiyana. M'ndende za chipani cha Nazi cha ku Germany anaona akaidi owonda ngati bango akupatsa mnzawo kachidutswa kotsiriza ka buledi. Analibe chakudya ngakhale chitetezo, koma umunthu unalipo. Kwa iye, kudzikwaniritsa ukakuthamangira kumakuthawa. Kumabwera kokha pamene wadziiwala chifukwa cha ntchito kapena munthu amene umamukonda.

Ine ndimapendekera kwa Frankl, ngakhale njala sindiipeputsa. Maslow nayenso, asanamwalire mu 1970, anayamba kulemba kuti pamwamba pa kudzikwaniritsa pali kudzipereka pa chinthu choposa iwe mwini.