House of Flying Daggers: ndinagulira ndewu, koma Mei ndi amene wandikhala mumtima

DVD ya filimuyi ndinaigula mwezi wathawu nditakopeka ndi chikuto chake. Ine ndinakulira m'mavidiyo sho, kuonera Jet Li ndi Jackie Chan akuswa anthu, ndiye ndimayembekezera zibakera kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pano ndaionera katatu, ndipo ulendo wachiwiri ndi wachitatu sindinabwerere chifukwa cha zibakerazo.

Ndi filimu ya Zhang Yimou ya chaka cha 2004, yemwe uja anapanganso filimu ya Hero. Nkhani ikuchitikira ku China m'chaka cha 859, ufumu wa Tang utayamba kufooka. Kuli gulu la zigawenga zoponya mipeni, lotchedwa House of Flying Daggers, lolanda olemera n'kupatsa osauka, ndipo akuluakulu awiri a apolisi, Leo (Andy Lau) ndi Jin (Takeshi Kaneshiro), akuganizira mtsikana wina wosaona, wovina kunyumba yachisangalalo ya Peony Pavilion, kuti ndi mwana wa mtsogoleri wa gululo amene anaphedwa. Mtsikanayo ndi Mei, yemwe akusewera ndi Zhang Ziyi. Jin anamizira kumuthawitsa m'ndende kuti awalondolere kumene kuli anzake. Paulendowo bodza lake limusandukira chikondi chenicheni.

Malo amene anandigwira ndi gule wa ng'oma, koyambirira kwenikweni. Mei waima pakati, ng'oma zamuzungulira. Leo aponya nyemba imodzi, igunda ng'oma, iye amvetsera n'kumenya ng'oma yomweyo ndi mkono wautali wa chovala chake. Kenaka nyemba ija idumpha ng'oma zingapo, iye n'kuzitsata mwandondomeko. Pomaliza Leo amwaza mbale yonse. Sindinaonepo ndewu yoyamba motere, munthu osadziwa pamene kuvina kwathera ndi pamene lupanga lasololedwa. Chonde musaonere gawo limeneli pa foni. Lumikizani masipika, chifukwa theka la kukoma kwake lili m'makutu. Nyimbo za Shigeru Umebayashi nazonso sizichita phokoso. Zimalowa mwakachetechete pamene Jin ndi Mei akhala chete, akubisirana zimene akudziwa.

Ndewu ya m'nkhalango ya nsungwi ndi yabwino zedi: asilikali ali pamwamba, akusongola nsungwi n'kuziponya ngati mikondo, paliponse pali biriwiri. N'zosadabwitsa kuti wojambula wake, Zhao Xiaoding, anapikisana nawo pa mphoto ya Oscar.

Zondidandaulitsa zilipo. Mipeni ina imakhota m'malere mochita kuonekeratu kuti ndi ya pakompyuta. Mchimwene wanga, amene tinaonera limodzi, anakwiya kuti asilikali a boma akuoneka akuyandikira msasa wa zigawenga koma nkhondo yaikuluyo sationetsa. Poyamba ndinagwirizana naye. Nditabwereza ndinaona kuti pofika pamenepo palibe mwa atatuwa amene akuganizanso za boma kapena za gulu, aliyense watanganidwa ndi bala lake. Komabe ndewu yomaliza, ya m'chipale chofewa, yatalika kwambiri, ndipo munthu wobayidwa chonchija sangadzuke kangapo konse. Gawo limenelo analijambulira ku Ukraine, ndipo chipalecho chinagwa msanga iwo asakuchiyembekezera, n'kungochilowetsa m'nkhani.

Makolo dziwani kuti muli magazi, komanso malo awiri kapena atatu pamene mwamuna akumugwira Mei mwankhanza. Ana anga aang'ono sindinawalole kuonera.

Chimbale chimene ndinagula chili m'chilankhulo cha Mandarin ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Zithunzi n'zoyera bwino, koma likangodutsa ola limodzi mawuwo amayamba kuchedwa pang'ono, ndipo m'pomwe zinsinsi za anthuwa zikuululika. Muuzeni wogulitsa akuyesereni chapakati musanalipire. Filimuyi ndi ya pafupifupi maola awiri, ndipo ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.