Ndemanga ya Samsung Galaxy A16: foni imene yasanduka rimoti ya pabalaza pathu

Ndinagula Samsung Galaxy A16 m'sitolo ina ya m'tauni kuno ku Harare kumayambiriro kwa chaka cha 2025, ndipo chimene chinandikopa si kamera kapena maonekedwe ake. Foni yanga yakale inali ilibe ngakhale mng'alu pagalasi, koma opanga ake anali atasiya kuitumizira ma update, zosintha zimene zimakonza mapulogalamu a m'foni kuti akhale atsopano, moti mapulogalamu anayamba kukana kutseguka, kuyambira ya kubanki mpaka yoonera makanema. Zinandiwawa kwambiri kusunga m'kabati chinthu chabwinobwino chimene ndinachigula ndi thukuta langa.

Pa A16, kampani ya Samsung inalonjeza kuti foniyi idzalandira Android watsopano maulendo 6 komanso ma update a chitetezo kwa zaka 6, kutanthauza mpaka cha mu 2030. Lonjezo lotalika chotere tinkalimva pa mafoni odula okha, monga Pixel 8 ya 2023 ndi Galaxy S24 ya 2024, amene anapatsidwa zaka 7. Yangayi inabwera ndi Android 14, ndipo chaka chisanathe inalandira Android 15 pamodzi ndi One UI 7, pulogalamu imene Samsung imaika pamwamba pa Android, popanda kutaya chithunzi kapena nambala ya munthu ndi imodzi yomwe.

Phindu lenileni ndinaliona pabalaza. Kwathu ku Highfield tili ndi TV yakale ndithu, koma ili ndi polowetsa HDMI, ndipo achimwene anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg Chromecast, kachipangizo kolowetsa pamenepo kamene kamaonetsa pa TV makanema amene watumiza ndi foni. Ndikatsegula YouTube pafoni n'kudina kachizindikiro kotumizira, kanemayo amaoneka pa TV nthawi yomweyo, malinga foni ndi Chromecast zili pa Wi-Fi imodzi. Pa 24 September 2025, tsiku limene zotsatira za chisankho cha pulezidenti wa Malawi zinalengezedwa ku Lilongwe, m'nyumba mwathu munadzaza anthu mpaka ana anakhala pansi pamphasa. Agogo anga, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno, anasendeza mpando wawo pafupi ndi TV, chipewa chili pabondo, ndipo atamva atolankhani akulankhula Chichewa anandifunsa kuti, "Kodi mdzukulu wanga, zonsezi zikuchokera m'kafoni kakoko?" Tinaonera kwa maola angapo, foni ikulandiranso mauthenga a abale a kumudzi, koma sinatenthe moti n'kundidetsa nkhawa.

Batire yake ya 5,000 mAh imandifikitsa usiku, zimene ndi zofunika kwambiri masiku amene magetsi azima kuyambira m'mawa. Galasi lake la mainchesi 6.7 ndi lowala mokwanira kuti anthu awiri aonere mpira limodzi pakhonde TV ikakhala chete. Wogula adziwiretu kuti m'bokosi mumakhala chingwe chokha popanda mutu wa chaja, choncho aikiretu ndalama yake pambali. Adziwenso kuti update yaikulu imadya data yambiri. Ine ndimaidikira mpaka ndifike pa Wi-Fi ya kunyumba, foni ili pa chaja, chifukwa kuichita ndi bandulo ya tsiku ndi kuwononga ndalama ya ndiwo.

Ndikaona mmene zinthu zikuyendera, ndikukhulupirira kuti m'nyumba zambiri dishi ndi dikoda zidzayamba kuchepa mphamvu. Starlink, imene imapereka intaneti kudzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito mu Zimbabwe mu September 2024, ndipo mu August chaka chomwecho Google inasiya kupanga Chromecast n'kubweretsa Google TV Streamer m'malo mwake. Zipangizo zolumikiza ku TV zikusinthasintha, koma zina, monga Chromecast yathuyi, zimadalira foni imene mapulogalamu ake ndi atsopano. Foni ikasiyidwa m'mbuyo, tsiku lina banja lonse lidzakhala pabalaza kuyang'ana TV yopanda kanthu. N'chifukwa chake ndikulangiza aliyense amene akufuna foni ya mtengo wapakatikati kuti asanafunse za kamera, ayambe wafunsa wogulitsa chaka chimene foniyo inatuluka ndi zaka zimene idzalandire ma update, popeza zakazo zimawerengedwa kuyambira pamene inatuluka, osati pamene iye waigula.

Ndaipatsa nyenyezi 5, ndipo ndayamba kale kusunga ndalama kuti ndiwagulire mayi anga yotereyi Khirisimasi isanafike, chifukwa nawonso akufuna kumaonera okha makwaya a ku Malawi ine ndikakhala kuntchito.