Kathonje kodziyezera kapena viniga wa kuchipatala?

Amayi ambiri a ku Mayani, Lobi ndi Mtakataka amadziwa njira ya viniga yoyezera khansa ya khomo la chiberekero, yomwe anamwino amaitcha VIA. Mayi amagona pabedi, namwino n'kulowetsa chitsulo chotsegulira njira, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero. Ikatha mphindi imodzi, malo amene ayamba kusintha amayera. Ubwino wake ndi woti zonse zimatha tsiku lomwelo: ngati kachigamba koyerako n'kakang'ono, amakawotcha pomwepo ndi kachipangizo kotentha pafupifupi madigiri 100, mayi n'kubwerera kwawo. Koma zimadalira diso la namwino ndi kuwala kwa tochi. Kwa mayi amene anasiya kusamba, malo ofunika kuonawo amalowa mkati, viniga n'kulephera kuwaonetsa.

Kudziyeza wekha n'kwina. Sikufufuza khansa, koma kachilombo ka HPV kamene kamaiyambitsa. Mitundu iwiri yokha ya kachilomboka, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa khansayi mwa odwala pafupifupi 70 pa 100 aliwonse. Mwasamba m'manja, mwanjuta kapena mwakweza mwendo umodzi pampando, lowetsani kumaliseche kathonje ka pakamtengo pang'onopang'ono mpaka kakagunde, kazungulizeni masekondi 20 kapena 30, kenako kaikeni m'kabotolo kake n'kutseka. Musakhudze nsonga ndi zala, ndipo musachite muli kumwezi. Palibe chitsulo, palibe kuvulira mwana wa mnzanu amene ali pa ntchito ya unamwino. Zotsatira zake n'zodalirika kuposa za viniga, n'chifukwa chake mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati kuyeza HPV kukhale patsogolo: kuyambira zaka 30, kapena 25 kwa amayi omwe ali ndi HIV.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi apa. Kathonjeka si kofanana ndi koyezera mimba, komwe mizere imatuluka uli kuchipinda. Kabotolo kayenera kukafika ku labotale, kumakina ngati GeneXpert aja oyezera TB. Dzina likafufutika pakabotolo, kapena nambala ya foni ikakhala ya abambo amene ali ku Joni, zotsatira sizimufika mwini wake.

Ndipo akakupezani ndi HPV, si kuti muli ndi khansa. Thupi limachotsa lokha kachilomboka mwa amayi ambiri. Komabe mubwereranso kuchipatala, ndipo chitsulo chija mukumana nachobe. Choncho kwa mayi amene ulendo wa ku boma ndi wa kabaza wa ndalama zambiri, ndipo sangaubwereze, viniga ndiye wamuyenera. Wotuluka magazi akakhala malo amodzi ndi abambo, kapena chikazi chonunkha, asiye kathonje, apite akaonedwe.