Sony A7 III ndi lenzi ya Tamron 28-75mm f/2.8 pojambula zibaluni kachisisira

Kamera ikafika pa ntchito yojambula zibaluni za mpweya wotentha dzuwa litalowa, mpamene mphamvu zake ndi zofooka zake zimaonekera poyera. Vuto si mdima wokha ayi. Vuto ndi loti kuwala kumasinthasintha mwadzidzidzi. Woyendetsa chibaluni akatsegula gasi, lawi limalilima m'kamwa mwa chinsalucho ndipo chonse chimawala ngati nyali ya galasi. Pakangopita masekondi ochepa watseka, kunja kwada bii. Sangasiye moto ukuyaka nthawi yaitali chifukwa mpweya wa m'kati ukatentha kwambiri chibaluni chimafuna kunyamuka, pomwe pa zionetsero za usiku chimayenera kukhala pansi chomangidwa. Choncho tikuyeza Sony A7 III ndi lenzi ya Tamron 28-75mm f/2.8 pa chinthu chimodzi: kodi zimasunga mtundu wa nsalu yowala ija popanda kupha thambo ndi anthu amene ali mumdima pansi pa dengu?

Yankho lathu ndi loti zimatero, koma pokhapokha wojambula atalanda kamerayi ufulu wodzisankhira yokha.

A7 III inatuluka mu 2018 pa mtengo wa madola pafupifupi 2,000, ndipo sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi yaikulu ya full frame, ya mamegapikiselo 24. Lero ndi kamera yakale ndithu, poti A7 IV inabwera mu 2021, koma sensa imeneyi ili ndi khalidwe limodzi lomwe limaiyenereza ntchito ya zibaluni. Ikafika pa ISO 640 (ISO ndi nambala yoonetsa mmene kamera ikukuzira kuwala komwe yalandira) imasintha kawerengedwe ka kuwala, moti malo amdima pa chithunzi amatuluka ndi timadontho tochepa pa 640 kuposa pa 500. Kuchokera pa 640 kukwera m'mwamba, kuonjezera ISO mu kamera ndi kuwalitsa chithunzi pa kompyuta kumapereka zotsatira zofanana kwambiri. Tanthauzo lake pabwalo ndi ili: mukhoza kuima pa ISO 640 kapena 800, n'kulola chithunzi chituluke chakuda pang'ono kuti lawi ndi nsalu zisayere mbee, kenako pokonza mukweze mdimawo ndi masitopu awiri (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri). Timadontho tonga mchenga timaoneka, koma n'tosalala ndipo mtundu suwonongeka. Mukachita mosemphana, n'kukweza ISO kufika 3200 kuti nkhope za anthu zioneke pomwepo, pakamwa pa chibaluni pamapsa n'kukhala banga loyera, ndipo banga limenelo palibe pulogalamu ingalibwezere. Izi zimagwira mukamajambula RAW, mtundu wa fayilo wosunga zomwe sensa yaona kamera isanazikonze. Mu JPEG mwayi umenewu mulibe.

Pa RAW pali chosankha chomwe ambiri amachidumpha. A7 III ili ndi Compressed ndi Uncompressed basi. Compressed imataya zina mwa zomwe sensa yaona, ndipo malo amene imalakwitsa kwambiri ndi pomwe kuwala kwamphamvu kwagundana ndi mdima, ndendende m'mphepete mwa lawi ndi m'zingwe za dengu. Mukakweza mdima pokonza, m'mphepetemo mumatha kuoneka timizere. Sankhani Uncompressed. Chithunzi chimodzi chimadya pafupifupi 48MB, ndiye kadi ya 64GB imasunga zithunzi zoposa 1,200, zomwe n'zokwanira usiku umodzi. Kadi yothamangayo iikeni pa malo oyamba, chifukwa mwa malo awiri a makadi ndi oyamba okha amene amagwiritsa ntchito liwiro lonse la makadi othamanga a UHS-II. Kamera ikamalemba zithunzi pa kadi yochedwa imakutsekerani zambiri za mu menyu, ndipo zimenezi zimawawa zibaluni zikayatsa zonse pamodzi inu mukudikira kanyali kazime.

Mita yoyezera kuwala ndiyo imagonja msanga. Mukasiya kamera pa A kapena P ndi Auto ISO, pomwe imadzisankhira yokha, pa nthawi ya mdima imakweza ISO n'kuchedwetsa shutter (kachitseko kolowetsa kuwala), ndiye moto ukangoyaka zithunzi zoyamba zimapsa isanadzikonze. Njira ya Highlight yomwe ili pa Metering Mode imathandizako, koma imatsata lawi lenilenilo moti nsalu imatuluka yakuda mopitirira. Ikani pa M, pomwe zonse mumasankha nokha. Poyambira pabwino, thambo likadali ndi kabuluu, ndi kabowo ka lenzi pa f/2.8 kapena f/4 (nambala ikachepa kabowo kamakula), shutter pa 1/125 ya sekondi, ISO 800. Dikirani moto umodzi, jambulani, onani, konzani, ndipo musasinthenso mpaka thambo litada moonekeratu. Poona musakhulupirire sikirini, chifukwa mumdima chilichonse chimaoneka chowala kuposa mmene chilili. Tsegulani chithunzi muone histogram, kajambulidwe koonetsa kuchuluka kwa kuwala, ya mitundu itatu payokhapayokha. Wofiira ndiye amayamba kusefukira, makamaka pa zibaluni zofiira ndi zachikasu, pomwe histogram yoyera ikuonetsa ngati zonse zili bwino. Zebra, mizere yochenjeza za malo owala mopitirira, muiike pa 100+ ndipo mulole mizere ioneke pa lawi pokha. Ikafalikira pa nsalu, thamangitsani shutter.

White balance, yomwe imakonza maonekedwe a mitundu, nayo musaisiye pa Auto. Oyendetsa zibaluni pa zionetserozi sagwiritsa ntchito kwambiri valavu yaikulu ija ya moto wabuluu waphokoso. Amatsegula ina yaing'ono yomwe imatulutsa propane wamadzi, ndipo lawi lake ndi lachikasu, lowala kwambiri, losasokosa. Kamera ikaona chikasu chimenechi imayesa kuchizizira, ndiye zithunzi khumi zotsatizana zimatuluka ndi thambo la mitundu khumi. Ikani nambala yokhazikika pakati pa 4000K ndi 4500K. Pamenepo thambo limakhala labuluu wozama ndipo moto umakhalabe moto.

Tibwere ku lenzi. Tamron 28-75mm f/2.8 Di III RXD inatuluka chaka chomwecho cha 2018, imalemera magalamu 550, ndipo ikaphatikizidwa ndi kamera ya magalamu 650 katundu yense ndi kilogalamu imodzi ndi magalamu 200. Munthu amatha kuinyamula m'manja maola atatu osatopa mapewa. Phindu lake lalikulu limaoneka mukaiyerekeza ndi lenzi ya 28-70mm f/3.5-5.6 yomwe imagulitsidwa pamodzi ndi kamerayi. Mukakoka kufika kumapeto, ya Sony ija imatsekeka kufika f/5.6, pomwe Tamron imakhalabe pa f/2.8. Kusiyana kwake ndi kuwala kochuluka kanayi: chithunzi chofuna ISO 800 pa Tamron chimafuna ISO 3200 pa inayo. Komanso poti f/2.8 sisintha mukamakoka, zomwe mwaika pa M zimakhala zomwezo kaya mukujambula mzere wonse wa zibaluni kaya nkhope ya woyendetsa itawala psuu ndi moto.

Pakati pa chithunzi lenziyi ndi yakuthwa ngakhale pa f/2.8. M'makona ndi yofewa pang'ono ndipo mumachita kamdima, koma pa ntchito iyi m'makona mumakhala thambo, ndiye sizidetsa nkhawa. Chodandaulitsa ndi china: ilibe batani lililonse pathupi pake, ngakhale losinthira pakati pa AF (focus yodzichitira yokha) ndi MF (focus ya pamanja). Mtundu wachiwiri, G2 wa mu 2021, uli ndi batani limodzi loti mulipatse ntchito, injini ya focus yothamanga, ndipo m'makona ndi wakuthwa kuposa woyamba. Ngati kusiyana kwa mtengo si kwakukulu, tengani G2. Ndipo chotsani fyuluta ya UV ya 67mm ija musanayambe. Lawi limagunda pa sensa, kubwerera pa fyuluta, n'kujambulika kachiwiri ngati kamzukwa kobiriwira mbali ina ya chithunzi. Hudi yokha, kachipewa ka kutsogolo kwa lenzi, ndi yokwanira kuteteza galasi.

Kaya 28mm ikukwanirani kapena ayi zimatengera bwalo. Chibaluni wamba chimatalika mamita pafupifupi 20, ndipo kuti chilowe chonse pa 28mm kamera ili chopingasa muyenera kuima mamita 25 kapena kuposerapo. Ku Bristol International Balloon Fiesta, chionetsero chomwe chimachitika mu Ogasiti ku Ashton Court ku England ndipo chinayamba mu 1979, anthu amaonera ali kunja kwa mpanda wa bwalo, ndiye 28-75mm imakwana bwino kwambiri. Ku Albuquerque ku America, komwe chionetsero chinayamba mu 1972 ndi zibaluni 13 ndipo lero chimatenga masiku 9 mu Okutobala, anthu amayenda pakati pa zibalunizo mpaka kufika pa dengu. Kumeneko 28mm imachepa, malo obwerera m'mbuyo palibe, ndipo mungafune Tamron 17-28mm f/2.8 m'chikwama.

Focus ndiye mbali yomwe A7 III imafuna kuiweta. Ili ndi malo 693 ogwirira focus, a mtundu wa phase detection, ndipo moto ukayaka imagwira msanga. Moto ukazima imayamba kusakasaka, ndipo ikasochera, moto wotsatira umakupezani chithunzi chili mbuu. Mankhwala ake ndi kuchotsa focus pa batani lojambulira: AF w/ shutter ikhale Off, Pre-AF ikhale Off, ndipo muzigwira focus ndi chala chachikulu pa AF-ON. Sankhani Flexible Spot M, lozani pa malembo a pa nsalu kapena pa msoko pomwe mitundu iwiri yakumana, dinani moto uli chiyakire, siyani. Chibaluni chomangidwa sichichoka, ndiye focus imeneyo imakhala mpaka inu mutasuntha. Pa 28mm ndi f/2.8, mukagwira focus pa mamita 10, chilichonse kuyambira mamita 5 mpaka kutali chimaoneka bwino. Pa 75mm mpata umenewu umachepa kwambiri, choncho mukakoka gwiraninso focus. Dziwaninso kuti kamerayi imakonda kufuna focus lenzi itatsekeka pa nambala yomwe mwaika, makamaka pa AF-C, focus yotsata chinthu mosalekeza, moti kuika f/8 mumdima kumaichititsa khungu.

Za SteadyShot, yoletsa kugwedera kwa kamera, Sony imati imapulumutsa masitopu asanu, ndipo manja okhazikika amatha kujambula pa 1/15 pa 28mm. Koma imaletsa kugwedera kwa manja anu okha. Chibaluni chimayendayenda ndi kamphepo, lawi limavina, anthu akusuntha. Mukatsika pansi pa 1/60 malembo a pa nsalu amayamba kufufutika, ndipo pa 75mm musatsike pansi pa 1/125. N'chifukwa chake tripod sithandiza monga ambiri amaganizira, kupatulapo kuti m'khamu la anthu miyendo yake imapunthwitsa ana. Ngati mukufuna chochirikiza, monopod, ya mwendo umodzi, ndi yabwino. Silent Shooting muizimitse, chifukwa magetsi a LED a m'misasa yogulitsa zakudya amatha kudula mizere pa chithunzi.

Choonera cha m'diso ndicho chimaonetsa ukalamba wa kamerayi. Madontho ake 2.36 miliyoni amachita mchenga mumdima, ndipo Live View Display ikakhala pa Setting Effect ON, pakati pa moto ndi moto simuona kanthu. Mukaika OFF mumaona, koma moto ukayaka diso limathobwa ndipo simudziwa mmene chithunzi chitulukire. Ife tikuti siyani pa ON, konzani chithunzi pa moto woyamba, musasunthe, diso lamanzere likhale lotsegula. Mabatani sawala, ndipo menyu ndi yosokoneza, ndiye zonse tatchulazi zisungeni masana pa nambala 1 ya chozungulira cha pamwamba. Batire la NP-FZ100 lilibe mlandu: limajambula zithunzi 610 ndi choonera cha m'diso malinga ndi muyezo wa CIPA, bungwe la opanga makamera, ndipo pojambula motsatizana limapitirira pamenepo. Limodzi limatha usiku wonse, lachiwiri likhale m'thumba lofunda ngati kukuzizira.

Nthawi yomwe kamera ndi lenzi izi zimatulutsa zabwino koposa ndi yaifupi: pamene kuwala kwa thambo kwatsika kufika pofanana ndi kwa nsalu yoyaka, mitengo ndi mitu ya anthu zikuonekabe. Amene anazolowera chisisira cha kwathu, chomwe chimatha m'mphindi 20 ndi pang'ono, adziwe kuti ku Bristol pa masiku a chionetsero chija dzuwa limalowa nthawi itapitirira 8:30 usiku ndipo kuwala kumakhalitsa mphindi zoposa 30. M'nthawi imeneyi onaninso histogram mphindi zisanu zilizonse, koma musathamangire kukweza ISO chifukwa choti thambo lada. Kuwala kwa chibaluni moto ukayaka sikusintha, ndipo ndi kumene mukuyezera.

Mphepo ikakula, oyendetsa sadzutsa nsalu konse. Amaimika madengu okha n'kumaponya moto m'mwamba. Apa zoika zija zisinthe, chifukwa lawi lopanda nsalu ndi lowala kwambiri: yambani pa 1/500, f/4, ISO 640, yandikirani pa 75mm, ndipo focus igwire nkhope ya woyendetsa osati moto.

Amene akugula A7 III yogwiritsidwa kale ntchito afunse chiwerengero cha shutter, poti Sony inaiyeza kuti ifike 200,000. Ajambulenso khoma loyera pa f/16 kuti aone fumbi la pa sensa, chifukwa kamerayi siitseka sensa mukachotsa lenzi, ndipo fumbi limaonekera kwambiri pa thambo losalala la madzulo. Lenzi aiyeze pojambula chinthu chakutali pa 75mm ndi f/2.8, chiikidwe pa kona iliyonse mwa anayi motsatizana. Kona imodzi ikafewa kuposa inzake, magalasi a m'kati anasuntha, ndipo imeneyo aisiye.