Kumene ndinachapitsa chikwama changa chogonamo cha nthenga mu Lilongwe

Chikwama changa chogonamo ndinachigula pa kaunjika ku msika wa Tsoka, ndipo chandifunditsa maulendo angapo pa phiri la Mulanje, ku Chambe, ku Lichenya komanso ku Chisepo, komwe anthu amagona akafuna kulawirira ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija. Nditabwerako mu Julayi chinali chikununkha utsi wa nkhuni ndi thukuta, komanso chinali chitaphwa moti usiku womaliza chisanu chinandilowa m'mafupa. M'kati mwa chikwama chotere muli tinthenga tofewa tomwe timamera kunsi kwa nthenga zikuluzikulu za abakha ndi atsekwe, ndipo timatenthetsa chifukwa timafufuma n'kusunga mpweya, koma litsiro likachuluka timamatana n'kusiya ntchito.

Malo oyamba amene ndinapitako anandiuza kuti achichapa ndi mankhwala a dry cleaning, ndipo ndinakana mwaulemu, pakuti mankhwalawo amachotsa mafuta achilengedwe a m'nthengazo n'kuzisiya zouma ndi zothothoka. Malo achiwiri, omwe ndi amene ndikuwafotokoza pano, ndi kashopu kochapira zovala kufupi ndi kwathu, kokhala ndi makina akuluakulu otsekulira kutsogolo. Chimenechi ndicho chinandikopa, chifukwa makina otsekulira pamwamba okhala ndi mtengo wozungulira pakati amapotokola chikwama mpaka kung'amba timakoma ta nsalu tomwe timagawa nthenga m'zipinda zake.

Mayi amene anandilandira anachigwiragwira n'kunena kuti, “Bambo, chotere sitinachapepo, ndiye mutiuze mmene mukufunira.” Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa malonjezo onse amene ndinamva kwina. Ndinali nditatenga botolo la Nikwax Down Wash Direct, sopo wamadzi wopangidwa ku United Kingdom wochapira zinthu za nthenga, lomwe mnzanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Mayiwo anatulutsa kabokosi kothiramo sopo n'kukatsuka mpaka ufa wonse wotsalira unatha, anatseka zipi, anatembenuza chikwama kunja kukhala m'kati, kenako anaika makina pa madigiri 30 ndi pa kachapidwe kapang'onopang'ono. Atafuna kuthira mankhwala ofewetsa zovala, monga amachitira ndi mabulangete, ndinawaletsa ndipo sanatsutse. Anatsukuluzanso kawiri osandilipiritsa china chilichonse.

Chikwama cha nthenga chikanyowa chimachititsa mantha. Chinatuluka chili pwatapwata ngati nkhuku yovumbidwa ndi mvula, cholemera, nthenga zonse zitaundana m'makona, ndipo fungo lake linali la khola la abakha. Apa mnyamata wothandizira anafuna kuchikoka ndi mutu, koma mayi aja anamugwira dzanja n'kuchinyamula okha chonse pamodzi, mikono ili kunsi, monga momwe amanyamulira khanda pochoka nalo m'bafa. Palibe amene anawaphunzitsa zimenezo. Iwo anangoona kuti kulemera kwa madzi kungadule misoko ya m'kati.

Ntchito yeniyeni ndi kuumitsa, ndipo dandaulo langa lagona pamenepa. Tinachiika m'makina oumitsira pa moto wochepa, chifukwa kutentha kwambiri kumasungunula nsalu ya nayiloni, ndipo tinaponyamo mipira itatu ya tenisi yoti izimenya nthenga kuti zibalalike. Patapita maola awiri magetsi anazima, ndipo shopuyi ilibe jenereta yotha kuyendetsa makina amenewa. Madzulo anandiimbira foni kuti chauma, ndikatenge. Kunja kunalidi kouma, koma nditachipisa ndi zala ndinapeza mibulu yozizira ngati ya nsima yophikidwa mothamanga, makamaka kumapazi ndi m'mphepete mwa zipi. Mbulu uliwonse wotero ndi chinyontho chobisala, ndipo chikwama chikapindidwa chili choncho chimachita chuku, nthenga n'kuwonongekeratu. Sindikuganiza kuti ankafuna kundinamiza, koma anachiyesa ndi muyeso wa bulangete, lomwe likauma kunja ndiye kuti latha.

Nditawaonetsa mibuluyo anapepesa, nachiyala usiku wonse pa thebulo lopindirapo zovala m'malo mochipachika pa chingwe. M'mawa mwake anachibwezera m'makina kwa maola ena atatu, ndipo pa theka la ola lililonse mayi aja ankachitulutsa n'kumaphwanya mibulu ndi zala, chipinda ndi chipinda, modekha ngati akusankha mpunga. Pofika masana chinali chitafufuma kuposa tsiku lomwe ndinachigula, utsi utatheratu, ndipo nditachiunika pa dzuwa sindinaone chipinda chopanda nthenga. Anandilipiritsa mtengo wochapira mabulangete awiri, umene ndinauona kuti ndi wochepa poyerekeza ndi magetsi ndi nthawi imene anataya.

Amene ali ndi chikwama chotere, kapena jekete ya nthenga yopitira ku Nyika, angathe kupita kumalo ngati amenewa, bola atenge sopo wakewake ndi mipira ya tenisi, popeza m'shopumo mulibe, afike m'mawa kuti tsiku likwanire, ndipo asachilandire asanachipise ndi zala kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine nditafika nacho kunyumba ndinachiyalabe pa bedi masiku awiri mazenera ali otsekula, kenako ndinachisunga momasuka m'thumba lalikulu la nsalu pamwamba pa wadirobu, pakuti kathumba kake kakang'ono kaja n'koyendera basi, ndipo nthenga zikapanikizika mmenemo miyezi yambiri sizifufumanso bwino.