Dikishonale yomwe ndinagula ku Limbe, ndi mawu amodzi omwe ndinaiyesera

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi kuno kutsidya la kum'mawa kwa Shire, m'dera la Makhuwira, ndipo ntchito yomasulira timapepala ta alangizi imagwera ine. Tambiri timabwera m'Chingerezi. Anthu athu ndi Amang'anja, ena Asena, ndiye tikakhala pansi pa mtengo wa nimu pepala likatuluka, maso onse amatembenukira kwa mlembi.

Dikishonale ndikunenayi ndinaigula K9,000 kwa anyamata oyala mabuku akale m'khonde la sitolo ku Limbe. Ndi ya Chingerezi chokhachokha, yolembedwera anthu ophunzira chilankhulocho, yachikuto chofiira, yonenepa koma yolowa bwino m'chikwama. Sindinapite ku Limbe kukafuna buku. Chinandikoka nditaliona ndi mawu amodzi omwe anandisowetsa chonena mlungu wa m'mbuyo mwake.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi ochokera m'mapiri a Thyolo anatisiyira chigwembe pakati pa minda. Tinagwirizana zodzala udzu wa vetiva kuti nthaka isapitirire kukokoloka. Kapepala kofotokoza kadzalidwe kake kanati tiyambe ndi kukumba clump. Ndinafunsa foni, inandiuza kuti ndi mulu. Nditalemba chiganizo chonse inasintha n'kunena kuti chotupa. Pamsonkhano ndinasankha mulu, ndipo mayi wina wachikulire anakweza dzanja.

"Alembi, mulu wakewo wa udzu womweta kapena wozula? Poti womweta sungamere."

"Amayi, mundilole ndikafufuze kaye," ndinatero, ndipo tinabalalika tsikulo osagwira ntchito.

Ndiye nditangolitenga bukulo m'manja, ndisanafunse ndi mtengo womwe, ndinatsegula pa chilembo C. Matanthauzo anawaika manambala, lililonse ndi chiganizo chake chachitsanzo, ndipo loyambirira linali la zomera zomwe zamera mothinana pamalo amodzi, kaya mitengo, kaya udzu. Pomwepo ndinadziwa kuti ndi phata. Phata lomwe lija timanena la nthochi, mayi ndi ana ake atazungulirana, kapena la nsungwi, kapena la nzimbe ikaphukira pambuyo podula. Kapepala kaja kankatiuza kuti tikumbe phata la vetiva ndi mizu yake, tikutumule dothi, tiligawe ndi manja m'timagawo ta mphukira ziwiri kapena zitatu, tidule masamba atsale pafupifupi masentimita 20, n'kudzala mumzere motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Phata limodzi lokhwima limapereka mbewu yokwanira mapando ambirimbiri. Tikanamva kuti tizidzala lathunthu, ngolo ziwiri zomwe tinapatsidwa zikanathera pamamita ochepa chabe.

Izi zokha zinandikwanira kuti ndilipire. Koma ndili m'minibasi, tikutsika phiri kulunjika ku Thabwa, ndinapitiriza kuwerenga pamalo omwewo, ndipo mpamene ndinaona chomwe bukuli limaposera foni. Silikuuza kuti mawu awa ndi awa basi. Limakuonetsa malo onse omwe mawuwo amakhala, iwe n'kupeza wekha dzina lomwe kwanu mumatchula.

Tanthauzo lachiwiri ndi la chinthu chomwe chamatana n'kukhala chimodzi, monga dothi, matope, tsitsi. Apa Chichewa chathu n'cholemera kuposa Chingerezicho. Aliyense amene analimako dothi lamakande la ku Ngabu m'chilimwe amadziwa zigulumwa, zouma gwa, zofuna kuphwanya ndi chitsulo cha khasu. Mvula ikagwa, makande omwewo amakakamira kuphazi mpaka mwendo kulemera. Zonsezo kwa Mngerezi zitha kukhala clump, ngakhale bukuli limakulozeranso kwa clod, mawu omwe ali a chigulumwa chenichenicho. Kulozerana kotereku ndinakukonda kwambiri: ukafuna mawu amodzi umabwerako ndi abale ake atatu.

Mawu omwewa amagwiranso ntchito ngati mneni, kutanthauza kuundana. Thumba la yuliya ukalisiya pansi pa chinyezi, pofika Januwale umapeza laundana, wothira akuvutika kuyeza ndi kapu. Shuga ndi mchere nazo zimatero m'dzinja. Mphwanga amene amagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala anandiuza kuti akamafufuza gulu la magazi a munthu amadontheza mankhwala pa dontho la magaziwo n'kudikira ngati aundane timibulu, ndipo m'mabuku awo mawu ake ndi omwewa. Koma magazi oundana pabala ndi clot. Kusiyana kumeneku bukuli linakulemba momveka.

Lachitatu ndi lomwe sindikanaliganiza: kuyenda molemera, mapazi akumveka gu, gu, gu, ngati odula nzimbe ku Nchalo akamaweruka atavala magambutsi. Ndinadabwa kuti phata la udzu ndi mgugu wa nsapato zikugwirizana pati, mpaka nditaona kamzere ka m'munsi konena komwe mawuwo anachokera. Ndi apachibale ndi klomp wa m'Chidatchi, amene amatanthauza chibuma komanso nsapato yosema pamtengo yomwe alimi a ku Holland ankavala. Chipika cha mtengo kuphazi sichingayende mwakachetechete.

Ndili pomwepo ndinayang'ananso lump, poti foni inasokoneza awiriwa. Lump ndiye mibulu ya m'phala lophikidwa mwaphuma, ndiyenso chotupa cha m'thupi, ngati chomwe azaumoyo amalangiza amayi kuti akachimva m'bere athamangire kuchipatala osadikira kuti chiyambe kuwawa. Ndalama zolandira zonse pakamodzi, monga za thonje ogula akalipira tsiku limodzi, nazo amati lump sum. Mbale wina wa mawuwa ndi cluster, kutanthauza tsango, ngati mmene masawu amabalira mothithikana panthambi. Mawu amenewa ife tinawamva kwambiri m'misasa ya anthu othawa madzi mu 2015 ndi 2019, akuluakulu a boma ndi mabungwe akamagawana ntchito m'magulu, ena za pogona, ena za madzi ndi ukhondo. Ana athu amawamvanso nthawi ya mayeso a MANEB, sukulu zingapo zikamalembera pamalo amodzi. Bukuli silitchula misasa kapena mayeso, koma likati zinthu za mtundu umodzi zosonkhana pafupi, munthu umalumikiza wekha.

Zolakwika zilipo, ndipo ogula ena zidzawabweza. Zilembo n'zing'onozing'ono zedi. Dzuwa likangolowa, ndi tochi ya pafoni maso amayamba kulasa. Mulibe ndi liwu limodzi la Chichewa, choncho amene Chingerezi chake chinathera ku Sitandade 6 adzapeza kuti tanthauzo lomwe likufuna kutanthauziridwanso. Zitsanzo zake n'za kwawo, maluwa omwe sindinawaonepo ndi chisanu choundana pansapato, palibe nthochi kapena mapira. Timazizindikiro tosonyeza katchulidwe tinanditengera milungu kuti nditizolowere, chikhalirecho n'tofunika kwambiri kwa ife omwe l ndi r timazimva ngati chimodzi. Clump, clamp ndi cramp m'khutu mwathu ndi mawu amodzi, pamene choyamba ndi phata, chachiwiri chopanira cha akalipentala, chachitatu ululu wa kukokana kwa minofu. Chinandiwawa kuposa zonse ndi guluu wa kumsana kwa bukuli. Kutentha kwa Okutobala kuno, komwe kumadutsa madigiri 40, kunaufewetsa, masamba a pakati n'kuyamba kuthothoka ndisanathe nalo miyezi itatu. Komanso nditafika kunyumba ndinapeza kuti masamba angapo a chilembo W mulibe. Mukamagula lakale, khalani pansi muwerenge manambala a masamba musanatulutse ndalama, wogulitsa sakana.

Kwa mwana wa Fomu 3 kapena 4, kwa mlembi wa kalabu, wa mpingo kapena wa banki m'khonde, ndikuti gulani, ndipo musankhe ya ziganizo zachitsanzo ngati iyi, osati ija yongondandalika mawu awiriawiri. Ya Chichewa ndi Chingerezi mukaipeza, zikhale ziwiri pamodzi, zimathandizana.

Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira n'kunena kuti mawu aja ndi phata. Mayi aja anagwedeza mutu.

"Mukanatero poyamba paja, alembi. Phata ndiye timalidziwa, si mmene timagawira nthochi?"

Anyakwawa anatipatsa anyamata anayi okumba, amayi n'kukhala pamthunzi akugawa mphukira, ndipo mizere isanu ndi umodzi tinaimaliza m'masiku atatu mvula yoyamba itanyowetsa pansi. Bukulo ndinakapereka kwa wosoka nsapato pamsika wa Livunzu, analiboola kumsana ndi chisongole chake n'kulisoka ndi ulusi wa nayiloni, anandilipiritsa K500.