Mlendo akapempha laputopu ya kuntchito, timulowetse ndi akaunti iti?

Kuofesi kwathu kuno ku Chipata sipatha mwezi osabwera wopempha laputopu: wophunzira ntchito, kapena mnzathu wochokera ku Katete wongofuna kusindikiza lipoti. Malaputopu athu ndi olumikizidwa ku Microsoft Entra ID, njira ya pa intaneti yosungira maakaunti a ogwira ntchito, ija inkatchedwa Azure AD mpaka 2023, ndipo timawayang'anira ndi Intune, pulogalamu ya Microsoft yoikira malamulo pa makompyuta muli kutali.

Ambirife timathamangira kutsegula local account, akaunti yokhala pamakina pomwepo. Ubwino wake ndi woti sifuna intaneti. Wopita kumidzi ya ku Chama kapena Vubwi, kumene netiweki imagwira mwa apo ndi apo, amalowa bwinobwino, pomwe akaunti ya Entra imafuna intaneti ulendo woyamba kulowa pa laputopu imeneyo. Koma wolowa ndi local account, malamulo a Intune olunjika pa dzina la munthu samukhudza, amangotsatira a makinawo basi. Akaiwala pasiwedi, ku Entra simungamuthandize. Mafayilo ake nawo amatsalira. Ine ndinapezapo kalata ya kubanki ya mtsikana amene anachoka kalekale, ili poyera pa Desktop. Ndipo chonde anzanga, musamupatse mphamvu za administrator, zotha kusintha chilichonse pamakinawo, poti akufuna kuika purinta. Purintayo muikireni nokha.

Njira imene ndimaikonda ndi Shared PC mode, njira yokonzera kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, yomwe mumayatsa kudzera mu Intune. Polowera pamaoneka batani la Guest, lopanda pasiwedi, ndipo mukasankha kuti akaunti izifufutika munthu akatuluka, wobwera pambuyo amapeza poyeretsa. Kungoti muuzeni mlendoyo asanayambe kulemba kuti asunge ntchito yake pa fulashi, apo ayi alira. Komanso simudziwa kuti analowapo ndani, choncho laputopu imeneyi isakhale ya a zachuma.

Wokhala nanu miyezi itatu kapena kuposa, mutsegulireni akaunti yakeyake ya Entra. Inde laisensi imadya ndalama, koma amapeza OneDrive yosungirako mafayilo pa intaneti, amatsimikizira kulowa kwake pafoni, ndipo tsiku lochoka mumangoitseka muli pa desiki panu.

Kwathu tinapatula laputopu imodzi ya Guest ya alendo a tsiku limodzi. Local account timangoitsegulira wopita kumidzi mwadzidzidzi, ndipo akabwerera timaifufuta asanatsitse n'chikwama chomwe.